Kusaka Mayi pa Makoma a ku Gent

Lamlungu, 13 Okutobala. Gent, Belgium.

Tafika dzulo. Sitima zinayi kuchokera kwathu ku Esbjerg, tsiku lathunthu. Msana wanga ngati thabwa. Bambo anamaliza masangweji onse tisanafike ku Hamburg, kenako n'kumadandaula njala mpaka ku Brussels.

Tili anayi: ine, Mayi, Bambo ndi mwana wanga wamkazi Asta. Troels watsala kunyumba ndi galu. Akuti ndizimutumizira zithunzi. Sadzazitsegula, mwamuna wanga ndimamudziwa.

Ulendowu anaupempha ndi Mayi. Mu Ogasiti dokotala anawauza kuti kabanga kakuda kali pakati pa diso lamanja kayambanso kulamanzere. Pofika nyengo yotentha ikubwerayi, zowerenga zatha. Iwo anangoti akufuna kukaonanso Gent, kumene ankalera ana a dokotala wina ali ndi zaka 20, asanakwatiwe. Ndinavomera, kenako ndinakalira kukhitchini. M'mutu mwanga munali kuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa ngalande, khofi, makeke.

Lero pa kadzutsa atulutsa pepala m'chikwama. Zilembo zikuluzikulu ngati za mwana woyamba kumene sukulu. Mamyuziyamu asanu, malaibulale atatu. Mayi anga, munthu amene akalowa m'myuziyamu chinthu choyamba amafunsa khomo lotulukira. Amene amati mabuku akale amanunkha nkhungu.

Bambo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, n'kufunsa ngati palibe myuziyamu ya mowa.

Tayamba ndi ya ziwiya zakale za m'nyumba. Kuseri kwa chingwe chofiira kunali khitchini ya m'ma 1960: ketulo yachikasu, wailesi, nsalu ya patebulo ya timaluwa. Asta anakuwa kuti iyi ndi khitchini ya agogo ake, aiba. Bambo anakwiya kuona chogayira khofi chofanana ndi chawo chili m'galasi. Akuti chawo chimagwira ntchito bwinobwino, ndiye iwonso atsekeredwe m'galasi?

Masana Mayi anatiperekeza kunyumba ya dokotala uja. Pano amagulitsamo mafoni. Sanaiyang'ane n'komwe. Anaima pa kanjira ka kuseri kwake, akuyang'ana zenera lina la m'mwamba, mpaka mvula inayamba.

Lolemba, 14 Okutobala

Mamyuziyamu onse otseka Lolemba. Mayi anagwedeza chitseko kawiri konse, ngati mkati mwabisala munthu. Ndiye laibulale.

Yakalekale, inali nyumba ya amonke. Denga lalitali, mashelefu a thundu, makwerero oyenda pa matayala. Mabuku ena omanga ndi tcheni ngati agalu olusa. Kafungo ka fumbi ndi phula. Ine ndinaikonda. Ndikanakhalamo tsiku lonse, popanda wondifunsa kuti masokosi ake ali kuti.

Bambo, zaka 41 m'zipinda za injini za sitima zapamadzi, anagogoda shelefu ndi chala n'kulengeza kuti thabwa limeneli lingapirire madzi amchere. Kenako anayetsemula. Kamodzi kokha, koma kuyetsemula kwa Bambo. Ophunzira onse anadzidzimuka, wina anagwetsa cholembera. Kupepesa kwawo kunamveka kuposa kuyetsemulako.

Mayi sanayang'ane buku ngakhale limodzi. Makoma okha. Chithunzi chilichonse chopachika amapita pafupi, kupendeketsa mutu ngati nkhuku kuti aone ndi m'mbali mwa diso, kenako "ayi", n'kupitirira. Bishopu, bishopu wina, meya wandevu. Ayi, ayi, ayi.

Kenako anapita kwa bambo wa pa desiki, wadazi, wofatsa, n'kuyamba kumulankhula Chidatchi cha kuno. Mawu kuthamanga ngati madzi a pampopi. Zaka 49 ndili mwana wawo, sindinamvepo. Bambo uja makutu anayamba kufiira. Potuluka anandinong'oneza m'Chingerezi kuti Mayi amalankhula bwino zedi, kungoti amalankhula ngati anthu onyamula katundu padoko a nthawi ya agogo ake, ndipo mawu ena sanamvekepo m'nyumba imeneyo chiimangireni.

Ndinafunsa Mayi ngati banja la dokotala linkalankhula choncho. Akuti sanaphunzire kwa dokotala.

Nkhomaliro: tchipisi ndi mayonezi, choimirira, anthu anayi pansi pa ambulera ziwiri. Bambo osangalala kwa nthawi yoyamba.

Asta wavala jekete la agogo ake aamuna, manja kulendewera. Akuti ndiye fasho. Chaka chamawa akupita kukakhala ku Aarhus. Sindikufuna kuziganiza pano.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Mamyuziyamu atatu tsiku limodzi. Ndikulemba mapazi ali m'beseni.

Pa yoyamba, mkangano pakhomo. Zikwama zisiyidwe m'makabati. Bambo kukana, muli buledi wawo wakuda wochokera kwathu, akuti buledi wa kuno ndi mpweya wokhawokha. Anagonja, koma magawo awiri analowa m'thumba la malaya.

Mayi patsogolo ndi ndodo yawo, ngati akuthamangira basi. Zithunzi za zaka 500, zimene anthu amachokera ku Japan kudzaona, tinazidutsa osacheuka. Asta anaima pa china cha angelo, Mayi anamukoka jekete: "Amenewo anafa kale, tiye." Amangoima m'zipinda za zithunzi za m'ma 1960. Kumeneko ndiye mphuno pafupifupi kukhudza penti. Belu la chitetezo linalira kawiri. Mlonda wa myuziyamu yachiwiri anayamba kutitsatira chipinda ndi chipinda ngati wachibale.

Bambo apeza luso lawo. Amasankha benchi, kuyang'anitsitsa chithunzi cha kutsogolo, n'kugona maso ali otsegula pang'ono. Mayi wina wa ku France anakhala pambali pawo mphindi khumi akuyang'ananso komweko, poganiza kuti ndi katswiri. Anadzadzuka pa chithunzi cha sitima ili pa namondwe. Zingwe zalakwika, akuti, yotereyi ikanamira isanatuluke padoko.

4 koloko, malo omwera khofi a myuziyamu yachitatu. Bambo atapita kukasaka chimbudzi, ndinafunsa mosapsatira kuti kodi tikusaka chiyani.

Mayi anatakasa khofi nthawi yaitali. Kenako: "Ndikudzisaka ndekha."

Nkhani yake ndi iyi. 1968. Kuseri kwa nyumba ya dokotala kunkakhala wojambula wina, Staf, m'kachipinda ka pamwamba pa malo okonzera njinga. Wosauka, wotukwana, woseketsa. Lachitatu lililonse, tsiku lawo lopuma, Mayi ankakwera masitepe. Anawajambula ndi penti, chithunzi chachikulu ngati chitseko. Sanachione chitatha, anabwerera kwathu penti isanaume. Patapita zaka, mkazi wa dokotala anawalembera pa khadi la Khirisimasi kuti chinagulidwa ndipo chili "kumalo a boma". Basi, ndi zokhazo zimene akudziwa.

Asta, osaphethira: "Munavala chiyani, Agogo?"

"Ndolo."

Khofi ananditulukira m'mphuno.

Bambo sakudziwa. Nthawi imeneyo anali panyanja, maulendo a ku Greenland, akuwalembera makalata. Ndinafunsa ngati panali zina pakati pa iwo ndi Staf. Akuti panali mbaula ya malasha imene sinkayaka. Kaya ndi yankho limenelo.

Kenako anatsitsa mawu. Akuti nkhope yawo ya nthawi imeneyo sakuikumbukiranso, chithunzi cha kamera alibe, ndipo masiku ano pagalasi amaona tsitsi ndi chibwano, pakati palibe. Akungofuna aone kamodzi.

Bambo anabwera akutamanda mipope ya mkuwa ya m'chimbudzimo. Tonse atatu maso m'makapu.

Lachitatu, 16 Okutobala

Troels pa foni: galu wadya sopo. Ndinamuuza za Mayi. Anaseka mpaka kutsamwa. Akuti ndisawauze Bambo. Patapita mphindi, akuti ndiwauze. Thandizo lake ndi limenelo.

Nzeru zabwera ndi Asta. Kusaka pamakoma n'kutaya nthawi, akuti, tikasake m'mapepala. Laibulale yachiwiri, yosunga zolemba zakale za mzinda. Bambo tinawakweza boti la alendo loyenda m'ngalande, tikiti ya maulendo awiri. Ndinamva ngati ndasiya mwana kusukulu ya mkaka. Anatibayibitsa ndi chipewa.

Chipinda chowerengera chili zii, ngati m'tchalitchi pakati pa sabata. Mabokosi a mapepala, nyale zobiriwira. Asta ndi foni yake yomasulira, tsamba ndi tsamba, maola awiri. Mwana amene kunyumba sangapeze nsapato yake yomwe. Mayi, m'malo mothandiza, ankafotokoza mokweza mmene Staf ankawotchera nsomba pa simbi yositira.

Chapezeka m'kabuku ka chionetsero cha 1969. Nambala 23. Dzina lake: "Mtsikana wa ku Sweden ndi kalata".

Sweden! Dziko la anansi athu, osati lathu. Mayi anaimirira. Zimene ananena sindinazimve, koma mayi wa pa desiki anagwira pakamwa. Zaka 56 ali m'manja mwa anthu, osavala, n'kukhalanso wa ku Sweden. Akuti zina zonse angakhululuke, izi ayi.

Mayi wa pa desikiyo, atamva kuti mtsikana wa nambala 23 ndi ameneyu wa ndodoyu, anaimba mafoni atatu. Chithunzi chili m'myuziyamu yaing'ono, m'tauni ya mphindi 25 pa sitima. Sichili pakhoma, chili kosungira katundu, pansi. Atitulutsira mawa 11 koloko.

Bambo tinawapeza atanyowa, akumwetulira. Woyendetsa boti anawalola kusuzumira injini. Anafunsa kuti ife taona chiyani. Asta: "Mapepala." Si bodza.

Nanga mawa? Boti lachitatu sangavomere. Ndiwauza kuti tikukagula nsapato. Ndi chinthu chokhacho chimene amathawa.

Mayi andipempha ndiwapake utoto m'zikhadabo. Wofiira. Zala zawo m'manja mwanga, zopepuka ngati kambalame. Sindinathe kudzutsa mutu.

Lachinayi, 17 Okutobala

Bambo anapita nafe.

Lero sindingathe.

Lachisanu, 18 Okutobala, m'mawa

Za nsapato zinalephera. Ndisanamalize bodzalo, Bambo anali atavala kale chipewa. Akuti masitepe a pasiteshoni amaterera mvula ikagwa, ndipo mkazi wawo Ragnhild satsika masitepe popanda mkono wawo, kaya ndi nsapato kaya n'chiyani. Ndinayang'ana Mayi. Anangoti, "Tiye, nkhalamba iwe. Koma utenge mankhwala a mtima."

Woyang'anira myuziyamuyo, Griet, mayi wamfupi wa makiyi ambiri, anatidikirira pakhomo. Chikepe cha katundu, kutsika. Kuzizira. Zithunzi zimakhala pa makoma a waya okoka ngati madilowa. Anakoka limodzi.

Sindinakonzeke. Mtsikana pa mpando wa kukhitchini, mwendo umodzi waupinda pansi pa unzake, tsitsi mpaka m'chiuno, kalata m'dzanja, akuseka mutu uli chagada. Ndolo zobiriwira. Nkhope ya Asta yeniyeni. Asta anangokhala pa bokosi limene linali pafupi.

Mayi anasendera. Mutu uku, mutu uko. Anatulutsa galasi lokulitsira zilembo. Anabwerera m'mbuyo, anasenderanso. Akuti mapazi akuwaona, mpando akuuona, zenera akuliona. Pankhope pali mtambo. Tachedwa, akuti.

Griet maso pa makiyi ake.

Bambo anavula chipewa, kuvala magalasi. Anayenda mpaka pafupi, manja kumbuyo, mmene amachitira akamaona injini ya munthu wina. Khosi lofiira. Ine mtima m'malere, ndikuganiza kuti mankhwala aja ali m'thumba liti.

Kenako anagwira Mayi pachigongono, kuwaimika pakati penipeni, n'kuyamba kufotokoza ngati akupereka lipoti kwa kapitawo. Maso atsinzina pang'ono, lamanzere kuposa lamanja. Dzino lakutsogolo lobenthuka lija likuoneka, lija unakakonzetsa Vibeke atabadwa. Masaya ofiira, mwina kuzizira. Kadontho ka pansi pa khutu wakaiwala, wojambula wa mtundu wanji. Kukamwa kuli yasa. "Ukuseka ngati hatchi, Ragnhild. Wokongola koopsa."

Mayi ankangogwedeza mutu, misozi mpaka m'khosi. Inenso. Kumva dzina langa pamalo amenewo, ngati ndalowa m'nyumba ya eni osagogoda.

Zikanathera pomwepo. Koma Bambo anawerama pa kalata ija. Envelopu ili pansi pa mpando, yabuluu, sitampu ya ku Greenland. Yawo.

"Ndiye unkaseka kalata yanga? Uli chonchi? Pamaso pa mwamuna wina?"

Mayi, akupukuta mphuno, anati nanga ndani sakanaseka. Masamba anayi a mpope wa mafuta umene unkadontha, ndipo pansi penipeni, m'mbali, tizilembo ngati nyerere: ngati sutanganidwa chaka chamawa, tikwatirane.

Bambo anati mpopewo sunali nkhani yamasewera, anthu akanafa.

Asta anathawira kuchikepe. Griet sanamve liwu ndi limodzi la chinenero chathu, koma nayenso mapewa ankagwedezeka.

Pa sitima pobwerera Bambo maso pazenera njira yonse. Pa chakudya anasiya theka la mowa. Bambo anga, kusiya mowa wa ku Belgium. Lero pa kadzutsa akulankhula ndi Mayi kudzera mwa ine: uwauze amayi ako andipatsire batala. Mayi akuchita ngati zikuwaseketsa. Koma ndawaona akufufuza dzanja la Bambo patebulo, osalipeza.

Ndikuopa pang'ono. Zaka 55 za ukwati. Kodi ndikanawauza Lachiwiri lomwe lija?

Lachisanu lomwelo, chakumadzulo

Laibulale yachitatu ndi myuziyamu yachisanu tazilumpha. Palibe wadandaula.

Ine ndi Bambo tinakayenda m'mbali mwa ngalande, awiriwiri. Tinadutsa milatho itatu. Anagawira abakha buledi wawo wakuda, chizindikiro choipa. Kenako anati za kuvulazo si kanthu, madokotala khumi anaona kale. Chimene chikuwapweteka ndi kalata. Anailemba masiku asanu ndi limodzi, anang'amba zisanu ndi zitatu. Za mpopezo analemba chifukwa ankaopa kufika pa mawu enieniwo. Zaka zonsezi ankaganiza kuti Mayi anaiwerenga ali okha, pa bedi, mwina akulira pang'ono.

Ndinati koma anavomera. Anati inde, anavomera, pa khadi la chithunzi cha tchalitchi, mawu atatu.

Kenako anafunsa kuti wojambulayo anamwalira liti.

Sindinkadziwa. Ndinaimbira Griet. Choyamba, Sweden amuchotsa pa dzina la chithunzi, ndipo akufunsa ngati Mayi angalole kuti alembe dzina lawo lenileni. Mayi akuti lonse, la kwa amuna awo lomwe, zilembo zazikulu. Akutinso chithunzicho chituluke pansi paja, kumazizira. Griet waseka, akuti ayesa. Chachiwiri, Staf sanamwalire. Zaka 86, ali kunyumba ya okalamba ku Oostende. Miyendo inatha, pakamwa ayi.

Bambo anangoti, "Ehe." Anakwera kuchipinda kukameta ndevu, kachiwiri lero.

Sitima yobwerera kwathu inali ya mawa 9 koloko. Asta wasintha matikiti, tipita Lamlungu. Troels akuti galu wachira, koma akumatulutsa thovu akauwa. Ndikuganiza kuti akunama kuti ndiseke. Ndaseka.

Loweruka, 19 Okutobala. Oostende.

Pa mpando wa m'khonde la nyumba ya okalamba, kunja kwa chipinda 14. Mphepo ya kunyanja ikugwedeza mawindo. Fungo la supu wa kabichi. Asta pambali panga, khutu pachitseko.

Bambo avala tayi. M'manja botolo la mowa waukali wa kwathu, limene akhala akulibisa m'sutikesi sabata yonse. Kaya ndi mphatso, kaya ndi chida. Pa sitima anakhala moyang'anizana ndi Mayi, koma pamasitepe mkono anaupereka. Mayi avala diresi lawo labwino ndi milomo yofiira. Atiuza tidikire kunja, ndi za akuluakulu.

Ndinangomuona pang'ono chitseko chitatseguka. Kamunthu kakang'ono pa njinga ya olumala, nsidze ngati tsache. Anayang'ana Mayi kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kanthu. Mayi anamumenya ndi chikwama paphewa. Chitseko chinatsekedwa.

Mphindi khumi zoyamba, mawu a Mayi okha. Kenako a Bambo, okweza, m'chinenero chathu. Ndamva "masiku asanu ndi limodzi". Mayi akumasulira, ndipo akutenga nthawi yaitali kuposa Bambo, ndiye kaya akuwonjezera chiyani. Kenako nkhalamba ija kuseka, ngati chitseko chadzimbiri, mpaka kutsokomola. Namwino anabwera akuthamanga, anasuzumira, anatuluka akupukusa mutu. Wabweranso ndi matambula atatu.

Mphindi 40. Asta akuti tsopano akuseka ndi awiri. Wachitatu sakumumva.

Ola lakwana. Ndayamba kuganiza zogogoda.

Chitseko chatseguka. Bambo. Jekete palibe, tayi palibe, masaya ofiira, mabatani atatu a malaya omasula. Akufunsa ngati ndili ndi pepala ndi pensulo. Dzanja lamanja la Staf likadagwira ntchito, akuti. "Anaona mkazi wanga, andionenso ine. Tilingane." Mkati Mayi akukuwa kuti masokosi avulenso, asachititse manyazi banja. Asta wagona pansi ndi kuseka.

Pepala lina ndilibe. Akuloza buku limene ndikulembamoli. Ndawauza adikire ndimalize kaye, akuti m'chipindamo mukuzizira ndipo iwo si mtsikana wa zaka 20, ndiye